Chigamba Chachinayi Pakhoma

Sendezani chikunicho pakati, utsi uleke kutilowa m'maso. Nkhani iyi ndi ya nyumba ina ya malata pa Mponela, kuseri kwa msika, ndipo inayamba ndi chinthu chochepa kwambiri, penti.

Elube anakwatiwa ndi Dafuleni, wa kabaza wa njinga yamoto, mwamunayo ali wamasiye. Mkazi wake woyamba, Felesita, anamwalira n'kusiya kamtsikana koyamwa, dzina lake Sungeni. Elube ndiye anakalera. Anakaphunzitsa kuyenda, anakapukuta mamina, ndipo kanayamba kumutcha amama popanda wokauza. Abale a malemu atabwera kuti adzamutenge, mwanayo anakakamira chitenje cha Elube mpaka iwo anachita manyazi, n'kubwerera okha.

Zonse za m'nyumbamo Elube anazizolowera, kupatula chipinda chogona. Makoma ake anali obiriwira ngati masamba okhwima a mango, ndipo ngakhale masana munkakhala kamdima. Mtundu umenewo anasankha ndi Felesita. Elube ankangoupirira. Koma atakhala ndi pakati, mimba itayamba kumulemera, tsiku lina anatulutsa mawu.

"Bambo a Sungeni, mwana wanga asadzatsegulire maso m'nkhalango muno."

"Nkhalango yomweyi ndi imene yakupatsa mimbayo," anatero Dafuleni akuseka. "Komanso zobiriwirazi sizingafe ndi penti woyera. Zingamwe zitini ndi zitini. Anthu amayamba apha kaye ndi laimu, penti pambuyo."

"Laimu alipo. Ndinaona thumba lathunthu kuseri kwa makasu, m'kachipinda ka katundu."

Dafuleni anasiya kuseka. Anayamba kupukuta galasi la njinga, lomwe linali lowala kale.

"Limenelo," anatero. "Chabwino. Tidzagula lina."

Elube anali munthu woona zinthu. Anaona kuti galasi silinali lakuda, anaonanso kuti mwamuna wake sanamuyang'ane. Koma mtima wake unali pa chipinda chowala, ndiye sanafunse.

Loweruka Dafuleni anasungunula laimu wa m'thumba lija m'ndowa, n'kupaka makoma onse anayi. Atauma, chipinda chinayera mbee, ndipo fungo la laimu linalowa mpaka m'zofunda.

Lolemba Elube anapita ku hadiweya ya a Mwamadi. Iwo anamupatsa khadi la mitundu ya penti, timabokosi tofoleredwa, tonse tokhala ndi maina achingerezi. Elube sanavutike ndi mainawo. Anasankha titatu n'kutipatsa maina ake.

"Uwu ndi wa mkaka. Uwu ndi wa chigoba cha dzira. Uwu ndi wa mchenga wa kudambo."

"Mayi, zonsezi n'zoyera basi," anatero a Mwamadi. "Ndingakusinthireni zitini, inu osadziwa."

"Amuna mumaona choncho. N'chifukwa chake mumavala masokosi osiyana."

A Mwamadi anayang'ana kumapazi kwawo, n'kuseka. Kenako anamuthirira pang'onopang'ono m'timabotolo titatu.

"Mukapake pakhoma, muyang'ane m'mawa, masana ndi madzulo. Penti ndi bilimankhwe, amasintha ndi dzuwa. Amene akakomere maso nthawi zonsezo, mudzagule ameneyo."

Elube anapaka zigamba zitatu, chilichonse kukula ngati lichero, moyandikana, pofika pachifuwa. Anatsuka burashi n'kuiika pawindo, timabotolo n'kutiika pambali pake. M'mawa wa mkaka unkamukomera. Masana unkachita kuthobwa m'maso, wa dzira n'kupambana. Madzulo wa mchenga unkaoneka wofunda, koma m'mawa mwake unkaoneka ngati khoma lakuda kale. Ankalowa m'chipindamo ndi mpeni wa masamba m'manja, n'kuima, n'kupendeketsa mutu. Dafuleni ankati mwana adzabadwa, adzakula, adzakwatira, mayi ake akadayang'ana khoma.

Ndiye m'mawa wina Elube anadzuka n'kupeza zigamba zili zinayi.

Chachinayi chinali pansi, pafupi ndi mphasa ya Sungeni, pofika pankhope pa mwanayo akakhala tsonga. Chinali chozungulira ngati zinzake. Koma mtundu wake sunali pa khadi la a Mwamadi. Chinali chotuwa ngati laimu amene sanaume, ndipo kubiriwira kwakale kunkaonekera pansi pake monga mitsempha ionekera pa dzanja la wodwala. Elube anachikhudza. Chinali chozizira, chonyowa.

"Chinyontho chimenecho," anatero Dafuleni akumanga nsapato.

"Chinyontho mu Okutobala? Zitsime zikuuma kunjaku."

"Kapena mwanayu wakodzera khoma."

"Sungeni ndi mtsikana, bambo."

Dafuleni analiza njinga n'kupita.

Tsiku lomwelo burashi inasowa pawindo. Elube anayang'ana pansi pa bedi, kuseri kwa nyumba, ngakhale kudzala. Anafunsa Sungeni, mwanayo n'kupukusa mutu. Timabotolo tinali pomwepo, zivindikiro zili zotseka, koma atatinyamula anamva kuti tapepuka.

Anadziuza kuti penti amauma ndi kutentha. Pofuna kuti nkhaniyi ithe, anasankha. Wa dzira ndiwo unamukhala pamtima, woyera koma wosalasa m'maso, mtundu woti khanda lingagone mwamtendere. Anakagula chitini chake, n'kuchiika pakona osachitsegula, kudikira Loweruka.

Madzulo ake magetsi anazima, monga amachitira. Elube anali pakhonde akusenda anyezi, Dafuleni asanabwere. Ndipo anamva kuchokera m'chipinda: shwaa, shwaa. Kenako chete. Kenako shwaa, shwaa, mosafulumira, monga apakira munthu amene sakufuna kudontheza.

"Sungeni?"

Elube anayatsa tochi ya pafoni n'kulowa. Phokoso linaleka iye atangoponda pakhomo. Fungo la laimu wonyowa linali litadzaza chipinda. Sungeni anali atagwada pamphasa, chipumi chake atachitsamiritsa pa chigamba chachinayi, maso ali otseka. Milomo yake inali yoyera.

Elube anamukoka, n'kumupukuta ndi chitenje.

"Ukunyambita khoma? Wasanduka mbuzi?"

"Sindikunyambita, amama. Ndikumvera."

"Ukumvera chiyani?"

Mwanayo anangoyasamula, n'kugona pamiyendo pake. Chigamba chija chinali chitakula. Tsopano lichero silikanachiphimba.

Kuyambira pamenepo Sungeni anasiya kudya. Phala ankalitembenuza ndi supuni. Mandasi, amene kale ankawalirira, ankangowagwira m'manja mpaka nyerere kuwapeza. Thupi silinkatentha, sankatsokomola, sankalira. Ankangokhala chete, ndipo Elube akatembenuka pang'ono, ankamupeza wabwerera kukhoma. Anasamutsa mphasa kupita nayo pabalaza. M'mawa anapeza mphasa ili pabalaza, mwana ali m'chipinda, pasimenti pozizira, tsaya lili pa chigamba.

Maso a Elube anali atazolowera kusiyanitsa zoyera, ndiye anaona zimene wina sakanaona. Akamasambitsa mwanayo ankamutambasula zikhato. Poyamba zinali zofiirira, monga za mwana aliyense. Kenako zinafanana ndi chigamba cha mchenga. Kenako cha dzira. Tsiku limene anaziona zitafanana ndi cha mkaka, Elube anayang'ana pakhoma n'kuona kuti mtundu wotsala ndi umodzi wokha.

Anamubereka kumbuyo, mimba kutsogolo, n'kupita naye kuchipatala. Anamuyeza malungo, sanawapeze. Namwino anamukoka chikope n'kunena kuti magazi achepa, n'kupereka mankhwala, n'kulangiza za masamba ndi chiwindi. Mzere unali wautali, ndiye pobwerera dzuwa linali litafiira kale.

Pa kanjira kodutsa m'minda youma, kuseri kwa msika, Elube anamva mapazi pambuyo pake. Anapatuka kuti munthuyo adutse. Sanadutse. Anayamba kuyenda pambali pake, mayi wamtali, atafunda chitenje kumutu ngakhale kunali kotentha.

"Zikomo, mayi," anatero mlendoyo ndi mawu otsika. "Nyumba ija yawala?"

"Yawala," anayankha Elube, akuyesa kukumbukira kumene anamuonapo.

"Mwasankha uti?"

Elube sanauzepo munthu za zigamba zake, kupatula mwamuna wake ndi a Mwamadi. Anayang'ana pansi. Mapazi a mayiyo anali opanda nsapato, oyera mpaka m'akakolo, ngati waponda m'ndowa ya laimu. Fumbi la m'njira silinkawamatirira.

"Wa dzira," anatero Elube.

"Ndi wabwino ameneyo." Anayendabe pambali pake. "Mvula ili pafupi. Kwathu sikunapakidwe."

Kenako dzanja linatuluka m'chitenje n'kukonza kansalu kamene kanapindika pakhosi pa Sungeni, mwaluso, monga achitira munthu amene anaberekapo mwana ameneyo.

"Wakula," anatero. "Akulemera kumbuyoko? Ndikulandireni?"

"Iyayi, zikomo. Ndafika kale."

Elube anagwira mfundo ya mbereko ndi manja onse awiri n'kufulumira. Sanacheuke. Atafika pa mpanda wa nyumba yoyamba anamva kuti mapazi akumveka ndi ake okha. Sungeni, amene ankaoneka ngati wagona, analankhulira pamsana.

"Amama, akufunsa kuti wawo ndi uti."

Dafuleni anapeza Elube atakhala pakhomo, mwana ali pamiyendo, moto sunakolezedwe. Thumba lopanda kanthu la laimu linali pamapazi pake.

"Bambo a Sungeni, laimu uyu anali wa chiyani?"

"Wa khoma, si mwaona nokha?"

"Musandiyankhe ngati ndine pasinjala. Anali wa chiyani?"

Dafuleni anakhala pa njinga osatsika, makiyi akulira m'manja mwake. Kenako ananena, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Chiliza cha Felesita anamanga, kumudzi kwawo njira ya ku Ntchisi. Chinangotsala kupaka. Laimu anagula, analonjeza pamaso pa abale ndi pamanda pomwe kuti abwera naye, koma mvula inayamba. Anati ikatha. Itatha kunabwera zina, kenako ukwati, kenako manyazi opita mochedwa. Thumba linangokhala kuseri kwa makasu.

"Ndinati laimu ndi laimu," anatero. "Lina ndi lomwelo."

"Ndiye mwatenga chofunda cha mkazi wanu n'kuphimbira khoma limene anapenta yekha." Elube sanakweze mawu. "Mwatigoneka m'manda ake, ine ndi ana awiri. Taonani manja a mwanayu."

Dafuleni anawunika zikhato za Sungeni ndi nyali ya njinga. Sananenenso za chinyontho.

"Mawa ndigula thumba lina ndikapereke."

"Simukapereka. Tikapaka. Ndipo tipita tonse."

Usiku umenewo anagona pabalaza, chitseko cha kuchipinda atachitseka ndi mpando, Elube atamangirira mwendo wa Sungeni ku wake ndi chitenje. Kuchipinda kunali zii. Elube anaona kuti kukhala chete kumeneko n'koopsa kuposa phokoso lija, chifukwa kunali ngati kwa munthu amene wamaliza ntchito yake ndipo akungodikira.

Kutacha anakwera njinga atatu, thumba latsopano ndi ndowa atazimangirira kumbuyo. Anafikira kwa a Nagama, mkulu wake wa malemu, amene anawapeza akusankha mtedza pakhonde. A Nagama sanaimirire.

"Kodi ndi alamu? Ndimayesa munasamukira ku Joni. Mvula ija yatha tsopano?"

"Ndalakwa, alamu," anatero Dafuleni, chipewa chili m'manja.

A Nagama anali ndi mawu ena ambiri, anachita kuoneka pakhosi. Koma anaona Sungeni ali lende kumsana kwa Elube, ndipo anawameza. Anamulandira, anamuyang'ana m'maso ndi m'zikhato, n'kumugoneka pamphasa pamthunzi. Anaitana mpongozi wawo kuti akhale naye, pakuti ana salowa kumanda. Anatumanso mawu kwa akuluakulu kuti alendo akufuna kulowa kumsitu. Chilolezo chitabwera, anatembenukira kwa Elube.

"Inu mutsale. Wapakati sapita kumeneko."

"Amayi aakulu, kumanda ndagonako kale masiku onsewa. Zigamba ndinapaka ndine. Mundilole ndikapepese ndi pakamwa panga."

A Nagama anamangitsa chitenje chawo.

"Muziponda pamene ndapondapo ine."

Kumsitu kunali kozizira. Kunja mbalame zinkalira, koma mkati munalibe ngakhale imodzi. Ziliza zina zinali zoyera, zina zosweka, ndipo cha Felesita chinali chakumapeto, simenti yake itada ndi ndere. A Nagama, amene anali patsogolo, anaima mwadzidzidzi.

Kumutu kwa chilizacho kunali zigamba zitatu, chilichonse kukula ngati lichero, moyandikana. Cha mkaka. Cha dzira. Cha mchenga. Pansi pake, pa masamba ouma, panali burashi ya Elube, ndi kachingwe kofiira kamene iye anamangirira kuchigwiriro.

Dafuleni anatula ndowa, madzi n'kutayikira pansapato zake.

Elube anayandikira. Cha mkaka ndi cha mchenga zinali zouma, zozungulira bwino. Koma cha dzira sichinathere pamenepo. Wopakayo anachikokera pambali, n'kuchikokeranso, kutsata m'mphepete mwa chiliza, penti akuchepa, akuchepa, mpaka panangotsala mizere ya tsitsi la burashi pamene anathera.

Dafuleni anayamba kumasula thumba.

"Siyani, alamu," anatero a Nagama chapansipansi. "Laimu wake munadya kale. Simukuona? Wasankha yekha. Mng'ono wanga ankakonda zabwino."

Elube anaganiza za chitini chake chosatsegula, ndi za chipinda chimene anachiona m'maganizo mwake masiku onsewa, khanda litagona, kuwala kwa m'mawa kukutsetsereka pakhoma la mtundu wa dzira. Kenako anaganiza za dzanja lija likukonza kansalu pakhosi pa Sungeni.

"Bambo a Sungeni, kwerani njinga. Chitini chili pakona, kumutu kwa bedi. Musachigwedeze kwambiri."

Dafuleni anapita ndi kubwera ngati akuthamangitsidwa. Pamene iye kunalibe, amayi awiriwo anapala ndere ndi mapale a mphika. Chitini chitafika, Dafuleni anatambasula dzanja kuti atenge burashi, koma Elube anali atatola kale. Inali yofewa, yonyowa, ngati wina wangoisiya kumene.

Anagwada movutikira, mimba ikumutsekereza, n'kuomba m'manja.

"Mayi a Sungeni, ndine Elube. Tinakulakwirani. Wanu ndi uwu, wonse. Sinditsalako nawo ngakhale dontho. Koma mwanayu musiyeni akule."

Anayambira pamene mizere ija inathera. Shwaa, shwaa. Phokosolo linali lomwe lija analimva ali pakhonde, koma sanaleke. Anaphimba cha mkaka, anaphimba cha mchenga, anapaka mbali zonse ndi pamwamba pomwe, msana ukuwawa, thukuta likudontha. Penti atatsala pang'ono pansi pa chitini, anapakanso kachiwiri kumutu mpaka chitini chinauma. Chitini ndi burashi anazisiya pomwepo.

Anasamba m'manja ndi kumapazi pa mphambano, monga achitira ochokera kumanda. Mitambo inali itayamba kusonkhana chakum'mawa. Akuyandikira nyumba ya a Nagama, Elube anamva mawu a mwana akukangana ndi munthu. Anapeza Sungeni atakhala tsonga, madzi a mango akuyenderera mpaka m'zigongono, akukana kugawira mpongozi uja.

"Langa ili," ankatero. "Katengeni lanu."

Elube anamugwira dzanja lomata n'kulitambasula. Chikhato chinali chotuwabe, koma pakati pake panali kadontho kofiirira. A Nagama anatembenukira kumbali n'kudzipukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Muzibwera naye," anatero. "Osadikira kuti achite kukuitanani enawo."

Atafika kunyumba anachotsa mpando pachitseko. Fungo la laimu wonyowa linali litatha. Chigamba chachinayi chinali chouma. Pamwamba pake panali cha mkaka ndi cha mchenga, ndipo pakati pa ziwirizo, pamene panali cha dzira, panali laimu yekha, wosalala, ngati sipanapakidwepo kanthu.

Elube sanaimenso n'kupendeketsa mutu. Anatenga wa mchenga, ndipo Dafuleni anapaka osanena nthabwala. Penti anagwira bwino makoma onse, kupatula pamalo amodzi, pansi, pafupi ndi pamene pankakhala mphasa. Pamenepo anapaka, n'kupakanso, koma pakapita masiku kubiriwira kunkabwerera, kozungulira, kukula ngati lichero. Dafuleni anafuna kukankhirapo kabati. Elube anakana. Anati munthu amene akungofuna kuona mwana wake sumutsekereza maso, angadzalowere pena.

Sungeni ananenepa, n'kuiwala zonse. Khanda linabadwa mvula ili mkati, lamwamuna. Koma litayamba kutsata zinthu ndi maso, Elube anaona kuti silinkayang'ana windo, kapena nyali, monga achitira makanda. Akaligoneka pabedi linkatembenuzira mutu kukhoma, pansi, pa chigamba chobiriwira chija. Tsiku lina masana, m'nyumba mulibe wina, linamwetulira kumeneko, n'kutambasula timanja ngati wina akulinyamula.

Elube analitola msanga n'kuliika pachifuwa. Anaima pakati pa chipinda, kenako anagwada pang'ono moyang'ana khoma.

"Uyu ndi wanga, mayi a Sungeni," anatero. "Wanu ndikukulererani."

M'chipindamo munali chete. Ndiye kuchokera kwinakwake, pansi pa penti, kunamveka kamodzi kokha, mofewa: shwaa.

Nkhani yathera pamenepo. Fotserani makalawo, ndipo amene ali ndi thumba kuseri kwa makasu akaliyang'ane kusanagwe mvula.